Cardoso anali wa Frelimo, koma sanawabisire mawu

Mtolankhani akangovumbula nyansi za m'boma, ena mumathamangira kulemba kuti "wagulidwa ameneyu, ndi wa chipani chakuti". Ine ndikaona zimenezi ndimakumbukira Carlos Cardoso wa ku Mozambique, chifukwa iyeyo chipani anali nacho ndithu, ndipo sankabisa.

Cardoso anabadwira ku Beira mu 1951. Ankaikonda Frelimo, chipani cholamula cha dzikolo, ankamukonda pulezidenti Samora Machel, mpaka anatsogolera AIM, bungwe la boma lofalitsa nkhani. Koma boma lomwelo linamutsekera masiku angapo mu 1982 chifukwa cha zimene analemba. Atatuluka sanathawire kwa adani a Frelimo ayi. Anabwerera pa ntchito.

Mu 1992 iye ndi anzake anayambitsa Mediafax, kenako mu 1997 anatsegula yakeyake, Metical. Nyuzi zimenezi sankazigulitsa pamsewu. Ankazitumiza pa fax kwa anthu amene alipira, timasamba tochepa basi. Pamenepa mpamene ndimamugomera munthuyu. Amene amadyetsedwa ndi owerenga ake sadikira chimpondamthengo cha nduna. Ife timafuna nkhani zofufuzidwa bwino, koma zaulere, kenako tizidabwa mtolankhani akalandira envelopu kumsonkhano.

Chimene chinamudyetsa nthaka ndi nkhani ya banki ya BCM, kumene kunasowa ndalama pafupifupi madola 14 miliyoni mu 1996, nthawi imene bankiyo inkagulitsidwa. Ena anatopa nayo nkhaniyo, iye anaikakamira, kufunsa chifukwa chake milandu sikuyenda. Pa 22 Novembala 2000, madzulo akuchoka ku ofesi mu Maputo, galimoto yake inatchingidwa, anthu n'kumuwombera ndi AK-47. Anafera pomwepo. Dalaivala wake anavulala kwambiri.

Tsono ndiuzeni, munthu ameneyu anagulidwa ndi ndani? Amene ankawafufuza ambiri anali oyandikana ndi chipani chake chomwe. Kwa ine mtolankhani kukhala ndi mbali si mlandu, tonse timavota. Ndimangofuna ndione ngati cholembera chake chimagwirabe ntchito wakubayo akakhala wa kwawo. Alipo ena amene amalusa ngati mkango chipani chawo chikakhala kunja, chikangolowa m'boma ziii, mawa mumva kuti apatsidwa ntchito ku kazembe.

Mu Januwale 2003 khoti linapeza anthu 6 olakwa pa imfa yake. Anibalzinho, amene anatsogolera achiwembuwo, anamuweruza iye kulibe, atathawa m'ndende ya chitetezo chokhwima, ndipo atagwidwa anadzathawanso. Ena mwa oimbidwa mlanduwo anatchula m'khoti dzina la Nyimpine Chissano, mwana wa pulezidenti wa nthawiyo. Iye anakana, ndipo anamwalira mu 2007 mlandu wake usanazengedwe.