Loya naye apume chilimwe chino

Anzanga a ntchito ya uloya, ndili ndi mawu pa nkhani ya tchuthi cha chilimwe, ndipo ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Ambiri mwa ife takonza kale maulendo, ena kunyanja, ena kumapiri, ana ayamba kuwerenga masiku. Koma mumtima tikudziwa kuti laputopu ipita nafe, ndipo theka la tchuthicho tikalithera pakhonde foni ili kukhutu, banja likudikira. Maganizo anga ndi awa: masiku a tchuthi alembedwe pa kalendala ndi kulemekezedwa mofanana ndi tsiku lokaonekera pamaso pa jaji. Palibe loya amene amajomba kukhoti chifukwa kasitomala wina watumiza imelo. Nanga masiku amene tinalonjeza ana athu timawasuntha mosavuta chonchi bwanji?

Amene sali m'ntchitoyi amaganiza kuti timakokomeza. Mlandu umene anati uyamba 9 koloko umayamba 11, iwe uli pabenchi panja ndi mboni yako, ukuikhazika mtima pansi. Ukabwerera kuofesi masana upeza maimelo aunjikana. Kutatsala mphindi zochepa kuti anthu aweruke, kalata ya loya wa mbali inayo ifika, ikufuna yankho mawa m'mawa. Ntchito yeniyeni yofuna kuganiza mofatsa, monga kulemba mfundo za apilo kapena kuwerenga mgwirizano wa masamba ambirimbiri, imayamba ofesi itakhala zii. Munthu wokhala moyo wotere akamva mawu oti tchuthi amayamba waganiza za mulu umene adzaupeze pobwera.

Koma gwero la vuto, mmene ndikuonera, ndi kawerengedwe ka ntchito yathu. M'makampani ambiri a maloya ola amaligawa m'magawo khumi a mphindi 6, ndipo chilichonse chimene wachitira kasitomala umachilemba kuti alipire. M'makampani akuluakulu a ku America, loya wachinyamata amayembekezeka kufikitsa maola otere pafupifupi 2,000 pachaka. Tachitani masamu: ndi maola 40 pa sabata kwa masabata 50, osawerengera misonkhano ya m'kati, maphunziro, ndi nthawi yosakasaka makasitomala, zimene palibe amene amalipira. Pa kawerengedwe kotere, masabata awiri opuma amaoneka papepala ngati maola 80 amene asowa. Ndiye wachinyamata uja amapita kutchuthi ali ndi ngongole kale, n'kumaibweza usiku anzake atagona.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makhoti enieniwo anazindikira kalekale kuti munthu ayenera kupuma. Ku Italy, kuyambira pa 1 mpaka pa 31 Ogasiti, masiku a malire operekera zikalata m'milandu yambiri amaima kuwerengedwa, kupatula milandu ina imene singadikire. Ku Spain nakonso mwezi wa Ogasiti suwerengedwa ngati wa ntchito pa milandu yambiri yosakhala yaupandu. Ku England chaka cha makhoti akuluakulu chili ndi zigawo zinayi, Michaelmas, Hilary, Easter ndi Trinity, ndipo chomalizacho chikatha kumapeto kwa Julayi, chaka chatsopano chimadzatsegulidwa mu Okutobala. Mu Ogasiti khoti lalikulu la kumeneko limamva makamaka nkhani zachangu. Khoti la Supreme la ku America limayamba Lolemba loyamba la Okutobala ndipo zigamulo zake zambiri limakhala litazipereka pofika kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi. Taonani chimene maikowa anachita: sanatseke chilungamo ayi. Anasiyanitsa nkhani zachangu ndi zimene zingadikire, n'kusiya majaji ena oti azimva zachanguzo mosinthana. Ife maloya tikulephera chiyani kuchita zomwezo m'maofesi mwathu?

Ndikumva kale ena akuti, "Iwe ukunena zosatheka." Ndipo mbali ina akunena zoona. Munthu akamangidwa Lachisanu usiku, nkhani ya belo siidikira kuti loya abwere kunyanja. Mayi amene akufuna chiletso cha khoti kuti mwana wake asatulutsidwe m'dziko sangauzidwe kuti adzabwere mwezi wamawa. Tsiku la malire losumira mlandu kapena lochitira apilo likadutsa, kasitomala akhoza kutaya ufulu wake, ndipo loyayo akhoza kusumiridwa chifukwa cha kusasamala. Zimenezi sindikuzipeputsa ngakhale pang'ono. Koma tinene chilungamo: mwa mafoni onse amene amatipeza tili patchuthi, ndi angati ali a mtundu umenewu? Ambiri ndi a kasitomala amene akungofuna kumva mawu ako, kapena bwana amene waiwala pamene fayilo ili. Ndipo masiku a malire sabwera modzidzimutsa. Amadziwika masabata kapena miyezi pasadakhale.

N'chifukwa chake tchuthi chabwino chimakonzedwa kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Pamene jaji akufunsa mbali zonse za tsiku lodzapitiriza mlandu, ndi pomwepo poyenera kunena mwaulemu kuti masabata akutiakuti sindidzapezeka, ndipo nthawi zambiri khoti limamva ngati wanena msanga. Zikalata zimene tsiku lake likugwera m'kati mwa tchuthi uzipereke usananyamuke. Kenako pali ntchito imene ambiri timaizemba chifukwa ndi yotopetsa: fayilo iliyonse uilembere tsamba limodzi lonena pamene nkhani yafika, chimene chingabuke, tsiku loopsa ndi liti, ndi zimene kasitomala anavomera kale kapena kukana. Tsambalo ulipereke kwa mnzako, mukhale pansi mudutsemo limodzi, ndipo umupatse mphamvu zenizeni zopanga chiganizo. Ukamusiyira fayilo popanda mphamvuzo adzakuimbira pa kanthu kalikonse. Makasitomala amene nkhani zawo zili pamoto uwaimbire wekha, uwauze dzina la amene awathandize. Nambala imene ungapezekepo ikhale ndi mnzakoyo yekha, iye ndiye aziona ngati nkhani ikuyeneradi kukufikira.

Amene amagwira okha ndiwo ali pa mpanipani waukulu, ndipo ndimawamvera chisoni. Komabe ndaonapo maloya awiri a maofesi osiyana akugwirizana kuti wina akachoka mnzake azimuyang'anira milandu, atafunsa kaye makasitomala ndi kuonetsetsa kuti palibe mlandu umene awiriwo ali mbali zotsutsana. Zimayenda.

Ndiponso chilimwe si ulendo wautali wokhawo. Kumene dzuwa limachedwa kulowa, madzulo awiri pa sabata ukhoza kutseka kompyuta nthawi yabwino n'kupita kukasambira kapena kukaonera mwana akusewera mpira. Madzulo amenewo nawonso alowe pa kalendala, kuti wokonza misonkhano aone kuti nthawiyo ndi yotenga kale.

Tisamaone ngati nkhaniyi ndi yofuna zofewa. Mu 2016, kafukufuku wa bungwe la maloya a ku America la American Bar Association pamodzi ndi bungwe lothandiza amene anazolowera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo la Hazelden Betty Ford Foundation, amene anafunsa maloya pafupifupi 13,000, anapeza kuti 21 mwa 100 alionse anali ndi kamwedwe ka mowa kodetsa nkhawa, ndipo 28 mwa 100 anali ndi zizindikiro za matenda a maganizo ofooketsa. Mu 2021 mabungwe a padziko lonse a WHO (loona za umoyo) ndi ILO (loona za ntchito) analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Ndi maloya angati amene maola 55 ndi sabata yawo wamba? Pangano la ILO nambala 132 la mu 1970 limanena za masabata atatu a tchuthi cholipidwa pachaka, ndipo awiri mwa iwo akhale otsatizana. Ife timalangiza makampani kuti atsatire malamulo a ntchito, pamene ogwira ntchito athu omwe sakupuma. Ndipo wovutika pamapeto ndi kasitomala, chifukwa loya wotopa ndiye amawerenga tsiku molakwika ndi kudumpha ndime imene ikanapulumutsa mlandu.

Mawu anga omaliza apite kwa inu akuluakulu, eni makampani. Wachinyamata amene mwamulemba ntchito amaonera inu. Mukamutumizira imelo pakati pa usiku muli kutchuthi, mwamuuza kale chimene mukuyembekezera iye akadzapita kutchuthi chake. France inaika m'malamulo ake kuyambira Januwale 2017 ufulu woti wantchito asavutitsidwe ndi mauthenga a ntchito akaweruka, ndipo Australia inachitanso chimodzimodzi mu 2024, koma inu simukufunika kudikira nyumba ya malamulo. Konzani ndandanda ya osinthana m'chilimwe. Letsani kuti wa patchuthi asamaikidwe m'maimelo a tsiku ndi tsiku. Ndipo kumapeto kwa chaka, mukamawerengera maola ake, yambani mwachotsapo masabata amene anapuma musanamuuze kuti sanakwanitse.