Nkhani ya moto wa ku Yukon isachotsedwe m'kalasi

Mwalemba bwino, koma mwanena kuti "To Build a Fire" ya Jack London, nkhani yaifupi ya bambo woyenda ndi galu m'dera lozizira koopsa la Yukon ku Canada, ndi yakutali kwambiri kwa ana a sekondale, ndipo pamenepo sindikugwirizana nanu. Ndaiphunzitsapo ku Fomu 3 ndipo inawagwira mtima.

N'zoona kuti ana athu sanaonepo chipale chofewa, ndipo madigiri 75 pansi pa ziro pa sikelo ya Fahrenheit sawauza kanthu. Koma nditawerenga pomwe bambo uja akulavula, malovu n'kuthetheka m'mwamba asanafike pansi, kalasi yonse inangoti zii.

Moto wokha amaudziwa, amausonkha tsiku ndi tsiku. Bamboyo atakoleza moto pansi pa mtengo wolemedwa ndi chipale n'kumathyola tinthambi take, mtsikana wina wakumbuyo anandidula pakamwa kuti motowo uzima. Anali asanawerenge n'komwe! Za nkhalamba ya ku Sulphur Creek, yomwe inamuchenjeza kuti asayende yekha kukazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, anawo anatchula okha kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Aphunzitsi anzanga, London analemba nkhaniyi kawiri, choncho chonde musangoima pa ya 1908 yomwe ndafotokozayi. Apatseninso ya 1902, momwe munthuyo ali ndi dzina, Tom Vincent, alibe galu, ndipo akupulumuka. Kenako afunseni chifukwa chake London anamuchotsa dzina, n'kumupatsa galu, n'kumusiya afe. Tsiku limenelo belu linalira ana akukanganabe, ena akuti galuyo anali wanzeru, ena akuti anali wosayamika.