Mpango wa ku Chipata wandikwiyitsa

Abale ine ndabwerako ku Zambia ndi mkwiyo, koma osati wokwiyira a Zambia ayi, ndakwiyira ife tomwe a Malawi. Nkhani yake ndi ya mpango basi, kansalu kamodzi, koma mpaka lero ndikakayang'ana mtima umachita kuwawa.

Tinapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Katete kuja, mukudziwa kale kuti kumapeto kwa Ogasiti Achewa tonse timakakumana kwa Gawa Undi, akuno, aku Zambia ndi aku Mozambique, fumbi lokhalokha mpaka m'mano. Pobwerera tinagona ku Chipata kwa msuweni wanga, ndiye m'mawa mwake akuti tiye ukaone mayi ena amapanga mipango kuseri kwa nyumba yawo. Ine mumtima ndinati aaa ndi zija zomwezi, munthu wakaoda ku Dar kenako nkumatinamiza kuti wapanga yekha. Ndinachita manyazi ndekha titafika.

Tinawapeza atayala nsalu yoyera ya thonje pathebulo, m'manja muli kabotolo ka tomato sosi kobowola pachitsekero, mkatimo muli phala la fulawa lamadzimadzi ngati la mwana wongoyamba kudya. Akufinya kabotolo kaja nkumalemba pansalupo, opanda pensulo, opanda chithunzi choonera, dzanja likungoyenda lokha uku akucheza nafe. Akamaliza amayanika padzuwa phala lija liume gwa, kenako amapaka utoto ndi kaburashi m'mipata monse, kuyanikanso, kutenthetsa kuti utoto ugwire, pomaliza nkuviika m'madzi ndi kupala phala lija ndi supuni. Paliponse pamene panali phala pamatsala mzere woyera, ndipo pamene phala linang'aluka pouma utoto umalowerera timizere ting'onoting'ono ngati ming'alu ya dambo mu Okutobala. Akuti anaphunzira kwa m'bale wawo amene ankagwira ntchito ku Mfuwe, kumene kampani ya Tribal Textiles yakhala ikupenta nsalu pamanja mwanjira yomweyi kuyambira m'ma 1990.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi maluwa akewo. Ndinafunsa kuti amai, zimenezi mumazitenga kuti, pa intaneti? Anaseka mpaka kutula kabotolo. Mpango wina unali ndi madontho a nkhanga okhaokha, wina unali ndi kalukidwe ka lichero, wina makona atatu atatu ofiira ndi akuda, akuti ndi mmene agogo awo ankazirira khonde ndi katondo ndi makande ikayandikira Khrisimasi. Ine ndinangoti kakasi chifukwa agogo anga ku Mchinji ankazira chimodzimodzi, khonde lomwelo, mizere yomweyo, ndipo ndakhala ndikuliona moyo wanga wonse koma nkale lonse sindinaganizepo kuti lingakhale pakhosi pa munthu.

Ndiye ndinasankha wa nkhanga uja, nkuyamba chimalawi changa. Chotsaniko pang'ono, ndachokera kutali, ndife amodzi, ndibweretsa makasitomala, nyimbo yonse ija mukuidziwa. Mayi aja anandiyang'ana bwinobwino osakwiya, akuti "Amai, chitenge cha pa shopu ningakuchotseleni, koma iyi yanidyela masiku anayi." Basi. Anaupinda nkuubwezera pamulu. Ndipo ndili pomwepo anafika mayi wina wa konko ku Chipata, osati mzungu, osati bwana, anangofunsa mtengo nkupereka osanenerera ngakhale ngwee, mpaka kufunsa kuti wa lichero uja utha liti. Ndinatulutsa ndalama yonse mwaulemu ngati ndikupereka chakhumi.

Tsopano bwerani kuno. Mwana wa achemwali anga ku Lilongwe, mtsikana wa luso ndithu, anayamba kunyika nsalu ndi kuluka mipango ya m'khosi nthawi yozizira, kumagona mochedwa ndi koloshi m'manja zala mpaka kutupa. Mukudziwa amene anamugwetsa? Ife abale ake. Azakhali akuti ndipatse umodzi ndikakutsatsire kutchalitchi. Alamu akuti ndikupatsa mwezi ukatha, mwezi wake sunathebe mpaka pano. Wina kumuuza maso ndi maso kuti ndalama imeneyo ku kaunjika ndigula itatu, ngati kuti ya pa kaunjikayo anamulukira iyeyo. Ndipo amene wagula, mawa lake akuthamangira kwa wina kuti undipangire ngati uwu koma motchipa. Inenso ndisaname, ndinatengako umodzi wa ulere, ndili nawo. Mwana uja anasiya, pano wakhala pakabenchi akutumiza ndalama za anthu pafoni. Kuno chinthu chikangodziwika kuti wapanga ndi mwana wa uje timachiona ngati ndiwo za kudimba kwa agogo, zongothyola.

Chabwino, ndivomereze zina, ndisamveke ngati a Zambia ndi angelo. Nawonso kaunjika wawavuta, kwawo amati salaula, ndipo Kapata Market yadzaza nayo ngati msika wathu wa Tsoka ku Lilongwe. Fakitale yawo ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inakhala zaka zambirimbiri ili chitsekere, pomwe ife David Whitehead ya ku Blantyre, ngakhale inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, zitenje imatulutsabe. Komanso ku Mfuwe kuli mwayi wa alendo obwera kudzaona nyama ku South Luangwa ali ndi madola m'thumba, ndi amene anazoloweretsa anthu kuti nsalu yopenta pamanja ili ndi mtengo wake. Ife kwacha yathu anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akamanenerera nthawi zina si mwano, ndi thumba. Ndipo kumbali ya matelala musandiuze kanthu, telala wa pakhonde wa ku Ndirande kapena Mchesi akakhala kuti sanaledzere palibe wa ku Chipata angamupose, izo ndiye ndikana mpaka mawa.

Koma za thumbazo zisatinamize kwambiri. Anthu omwewa akamva kuti kuli chinkhoswe kapena bridal shower amagula nsalu ya yunifolomu osafunsa kawiri, yovala tsiku limodzi nkukaiponya m'sutikesi. Wigi amagula. Ndalama imasowa pokhapokha pamene wopanga tikumudziwa kwawo.

Anzathu enawa ndingodutsamo. Ku Mozambique capulana amailemekeza ngati chuma, mayi amasunga m'bokosi zina osavala nkomwe, zodzasiyira ana. Ku Tanzania kanga imayankhula, ili ndi mawu m'mphepete, ukayambana ndi mkazi mnzako sulankhula umangovala nkudutsa pakhomo pake. Nanga ife nsalu yathu imati chani? Nkhope ya wandale, chaka cha mpingo, dzina la bungwe lobwera ndi pulojekiti. Kuyambira nthawi ya mbumba za Kamuzu mpaka lero tikuvinabe ndi nkhope za anthu kumbuyoku. Chonsecho ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawalemba mu 2006, zina mwa izo anajambula ndi amayi Achewa pa zachinamwali. Ndani anaziikapo pa mpango? Tikudikira mlendo adzazijambule, akazisindikize kwawo, zidzabwere pa belo ndiye tiyambe kulimbirana.

Chimene chikundipweteka nchoti kuchoka pa Mchinji kudutsa pa Mwami kukafika ku Chipata ndi kaulendo kakafupi kuposa kupita ku Lilongwe. Mtundu umodzi, mfumu imodzi, nsima imodzi, ngakhale ndalama dzina ndi limodzi. Koma mayi aja amatchula mtengo ali chilili maso ali gwa, mwana wathu amatchula mtengo akupepesa.

Dzulo mwana uja anabwera kunyumba, ndinamuonetsa mpango wa nkhanga. Anautembenuza, kuununkhiza, kukanda mizere ndi chikhadabo, kenako akuti anti, mwati phala la fulawa wamba? Ndinamupatsa fulawa amene ndinasungira mandazi ndi kabotolo ka sosi, ndipo ndamulipira mpango wa ulere uja ngakhale papita zaka ziwiri. Azakhali aja anali pomwepo akumwa tiyi, sanadikire nkomwe kuti mwana atuluke pakhomo, akuti "ukapanga woyambawo ndi wanga, ndikakutsatsira ku Mvano."