Musathamangire kutsitsa giyabokosi

Anzanga oyendetsa magalimoto a otomatiki, nkhani iyi imandiwawa kwambiri. Galimoto ikangoyamba kugunda polowa giya kapena kuchedwa kunyamuka, mawu oyamba ku garaja amakhala akuti, "Bwana, giyabokosi yatha, tipeze ina." Munthu n'kupita kukatenga katapila kuti agule giyabokosi yakale yosadziwika komwe yachokera, pomwe mwina chavuta ndi kasensa kamodzi kapena oilo wolakwika.

Ine ndikuti makaniko asakhudze sipanala asanaone oilo. Ngati galimoto yanu ili ndi dipstick ya giyabokosi (kachitsulo koyezera oilo), itenthetseni, muiimike pamalo osapendekeka, musolole n'kupukutira pa kansalu koyera. Oilo wa giyabokosi ya otomatiki, yemwe amatchedwa ATF, akakhala wabwino nthawi zambiri amakhala wofiira, woyera bwino. Akada n'kumanunkha ngati chinthu chopserera, ndiye kuti ma clutch a m'kati akhala akuterereka ndi kutentha. Akaoneka ngati wathiridwa mkaka, madzi a mu radiator alowamo, ndipo mukaika giyabokosi ina osakonza radiator, nayonso idzafa imfa yomweyo. Oilo akachepa, galimoto imachedwa kugwira mukaika pa D kapena pa R, injini kumangolira koma liwiro osaoneka. Pamenepo funani pomwe pakudontha.

Chomwe chikupha magalimoto ambiri kwathu kuno ndi kuthira oilo wina aliyense bola ndi wofiira. Magalimoto ambiri omwe tikuitanitsa ku Japan, monga Nissan Note, Honda Fit, ndi ma Vitz ndi Sienta ochuluka, ali ndi CVT. M'menemo mulibe magiya osinthasintha ngati otomatiki yakale. Muli lamba wachitsulo woyenda pa ma pulley awiri, ndipo lambayo amafuna oilo wakewake kuti agwire. Nissan amafuna NS-2 kapena NS-3, Honda amafuna HMMF kapena HCF-2 malinga ndi chaka cha galimoto, Toyota ali ndi TC ndi FE. Mukathiramo Dexron III, oilo wa otomatiki yakale, chifukwa ndi wotchipa, lamba amayamba kuterereka n'kukanda ma pulley. Kenako muonjezere kutentha kwa ku Chikwawa, katundu wodzadza mpaka kudenga, ndi chitunda cha Thabwa pobwerera ku Blantyre. Ipirira bwanji?

Chinanso, magalimotowa ali ndi kompyuta yomwe imasunga chomwe chalakwika. Pansi pa chiwongolero pali kasoketi ka mabowo 16 kolumikizapo makina oyezera. Nyali ya D ikamaphethira pa Honda, kapena O/D OFF pa Toyota zakale, galimoto ikukuuzani kuti yasunga code, nambala yosonyeza chomwe chavuta. P0715 ndi P0720 zimaloza ku masensa oyeza liwiro, P0750 ku solenoid (kavalavu kamagetsi) yosintha giya, P0741 ku torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi. Koma code ingokulozerani njira; makaniko wodziwa ntchito amayezabe mawaya ndi polumikizira pake, chifukwa waya wodyedwa ndi khoswe amatulutsa code yomweyo. Galimoto ikakakamira giya imodzi osasintha, nthawi zambiri ndi kompyuta yomwe yatsekera dala poteteza giyabokosi. Sikuti yafa.

Ndipo pena giyabokosi timangoinamizira. Plug kapena koilo ya injini ikafooka, galimoto imanjenjemera pokwera mtunda. Mounting, labala yomwe injini kapena giyabokosi imakhalapo, ikaduka, mumamva "gu!" mukaika pa R. Batire lofooka nalo limasokoneza kompyuta.

Sindikunyoza amakaniko athu, ambiri ndi aluso ndipo anaphunzira ntchito movutikira pa magalimoto a manual. Koma mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Code yatuluka yanji? Oilo mwamuona? Mwaiyendetsa n'kumva nokha?" Ngati mayankho palibe, pitani nayo kwina. Ikakhala kuti siyenda, musaikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa pampu ya oilo imazungulira pokhapokha injini ikulira. Ikwezeni pa lole.