Ku Joni amagulitsa ukali, kuno kiriketi timaisewera mwaulemu

Loweruka lapitali ndinadutsa pabwalo lina kuno ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinapeza mphwanga amene wangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg akuphunzitsa ana kiriketi ndi thabwa komanso mpira wa tenesi. Ndinakondwera kufikira pamene mwana wina, atagwetsa timitengo ta mnzake ndi mpira n'kumutulutsa, anathamanga kukamukuwira pamaso penipeni, mphwangayo n'kumaomba m'manja kuti umu ndi mmene Kagiso Rabada, katswiri woponya mpira wa timu ya South Africa, amachitira. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa pa luso lonse la Rabada, chimene makanema a ku South Africa atifikitsira kuchigwa kuno ndi ukali wokhawo.

Nonse mukukumbukira za mu 2018, pamene Australia inakasewera kumeneko. Kanema wa David Warner wa Australia ndi Quinton de Kock wa South Africa akukangana pa masitepe ku Durban ankaonetsedwa usana ndi usiku ngati kuti masewero enieniwo sanachitike n'komwe. Ku Port Elizabeth Rabada anatenga mawiketi 11 (kutanthauza kuti anatulutsa omenya mpira maulendo 11) pa masewero amodzi, koma chimene atolankhani anakakamira ndi phewa lake limene linagunda kaputeni wa Australia, Steve Smith, chiletso cha masewero awiri, ndi apilo imene inachotsa chiletsocho. Motowo anausonkhezera mpaka ku Cape Town, kumene Cameron Bancroft wa Australia anagwidwa akuchita chinyengo pokhula mpira ndi sandipepa, Smith ndi Warner n'kuletsedwa kusewera chaka chathunthu. Kumeneko mnyamata akangoyang'ana mnzake moipa, mawa lake nkhaniyo ili patsamba loyamba.

Kwathu kuno si choncho. Mu 2019 Malawi inalandira Mozambique pa mpikisano wa Kwacha Cup ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anyamata athu anapambana, ndipo palibe amene anatiuza kuti alendowo ndi adani athu. Akanatiuza bwanji ife amene timadutsa pa Marka kukaona azakhali, timagulitsana nsomba ndi chimanga, ndiponso timalonjerana m'Chisena chimodzimodzi? Kutsidyako nakonso mtima wawo uli pa mpira wamiyendo, ndipo za kiriketi sachita nazo phokoso.

Ndivomereze kuti mbali ina ya bata lathuli ndi mphwayi chabe. Mwana wa ku Bangula amadziwa Temba Bavuma, kaputeni wa South Africa amene anakweza chikho pabwalo la Lord's ku London mu 2025, koma sangatchule wosewera kiriketi wa Malawi ngakhale mmodzi, ndipo wailesi zathu nazonso zimadziwa kukolezera moto Bullets ikamakumana ndi Wanderers. Ngakhale zili choncho, sindingalole kuti ana athu adziwe masewerowa kudzera m'mikangano yobwerezedwa pakanema.

Ndinamuitanira pambali mphwanga n'kumuuza kuti aonetse anawo mmene Rabada amagwirira mpira ndi zala, ndipo mwana uja anapita kukapepesa mnzake masewero asanapitirire.