Atisiyira mkute ife a ku Indiana

Lero pa 7 May 2024 ndinalawirira, ndisanapite ku ntchito, kukaponya voti pa chisankho chachipulula cha chipani cha Republican kuno ku Indiana, chimodzi mwa zigawo za dziko la America. Ndaima pamzere, ndaonetsa chiphaso, ndayang'ana mayina. Pa mpando wa pulezidenti pali anthu awiri basi, Donald Trump ndi Nikki Haley. Mayi Haleywo anatuluka kale mumpikisano pa 6 March. Ndiye ine ndimasankha chiyani pamenepa? Nsima anadya anzathu a ku Iowa ndi New Hampshire mu January, ife atisiyira mkute, wozizira, wouma m'mbali.

Ndakwiya, abale anga, ndipo sindibisa.

Ine ndimavotera chipani chimenechi chifukwa ndimakhulupirira banja, tchalitchi, misonkho yochepa, ndiponso kuti boma lisamadye ndalama zomwe lilibe. Ngongole ya dziko lino inadutsa madola 34 thililiyoni chaka chino chikungoyamba. Ndinkafuna munthu woti aime nji, anene za ngongoleyo mpaka tsiku lomaliza, ine ndimuone pa pepala langa. Koma onse opikisana ndi Trump anathawa ndisanafike.

Mike Pence, amene anakhalapo bwanamkubwa wathu konkuno, anasiya mu October 2023, munthu ngakhale mmodzi asanavote. Kwawo komwe sanatidikire! Tim Scott anatsatira mu November. Chris Christie, uja ankalankhula ngati mkango pa mitsutso, anazemba pa 10 January, kutangotsala masiku asanu kuti Iowa ivote. Vivek Ramaswamy anagonja usiku womwewo wa Iowa. Koma amene wandiwawa kwambiri ndi Ron DeSantis. Bambo ameneyu anazungulira maboma onse 99 a ku Iowa, kutiuza kuti iye sabwerera m'mbuyo. Atapeza 21 peresenti pomwe Trump anapeza 51, sabata isanathe anali atanyamula kale katundu wake, nkukagwada kwa Trump yemwe ankamunena dzulo. Chigawo chimodzi chokha! Chimodzi mwa 50!

Walira mvula walira matope. Ukafuna mpando umenewu, uyende m'matopemo mpaka kumapeto.

Ena mundiuza kuti ndalama za kampeni zinawathera. Kaya. Nanga polowa sankadziwa kuti ulendowu ndi wautali?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Trump sakanapambana. Mwina akanapambanabe, ndipo mu November ndikavota monga mwa chikumbumtima changa. Nkhani yanga ndi yakuti anthu awa anatilanda mwayi wosankha. Anasankhirana okhaokha, ife tangoitanidwa kudzaombera m'manja. Mu 2016 voti ya ku Indiana inali ndi mano: Ted Cruz analimba mpaka pa 3 May, nkudzagonjera konkuno titamukana ndi manja athu. Chimenecho ndiye chisankho. Walephera, koma walephera anthu atalankhula. Za chaka chino ndi mwambo chabe, ngati kufunsira mbeta ukwati utachitika kale.

Munthu wothawa anthu a chipani chake chomwe akanalimba bwanji pamaso pa China kapena Russia? Woopa manyazi ku New Hampshire akanadula bwanji bajeti ku Washington anthu akumutukwana? Wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Awa angoona kamtambo, liwiro.

Nawo a Trump sanabwere ku mtsutso ngakhale umodzi, kuyambira uja wa ku Milwaukee mu August 2023. Ine ndinkakhala maso nditaweruka, mapazi akuwawa, kumvetsera anthu akukangana za munthu yemwe palibe.

Ndipo kunena za foni yangayi! Tsiku lililonse mauthenga a kampeni, tipatseni madola 5, tipatseni madola 25, dziko likupita kuphompho. Nambala yanga anaitenga kuti sindikudziwa. Ndalemba STOP mpaka chala kuwawa, mawa lake abwera ndi nambala ina. Ndalama yanga ndiye mukuifuna mu January, voti yanga mu May ayi?