Lona lokha silikwanira kuno ku Zomba

A mtolankhani, mwalemba kuti galimoto yogona panja tiziifunditsa lona basi. Kuno ku Zomba, m'munsi mwa phiri, malangizo amenewa anandipweteketsa. Toyota Corolla imene anandisiyira malemu bambo anga ndinaifunditsa lona la pulasitiki dzinja lonse. Mvula sinalowe, koma chinyontho chinatsekeredwa m'kati. Pofika Malichi mipando inali itachita nguwi, dzimbiri litayamba kudya m'munsi mwa zitseko. Mtima unandiwawa kwambiri.

Panopa ndinamanga kashedi ka malata kopanda zipupa kuti mphepo izidutsa, ndipo dzuwa likawala ndimatsitsa mawindo pang'ono. Anzanga owerenga, musamaimikenso pansi pa mtengo wa mango. Utomoni ndi zitosi za mbalame zimawononga penti, pomwe masamba amatseka timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa galasi lakutsogolo.